Mtima Ukakana Kukhala Pansi: Za Nkhawa ndi Thandizo la Uphungu

Ulimi ndi nchito ya munthu woyembekezera. Timakwirira mbeu m'nthaka mvula yoyamba ikagwa, ambiri a ife titatenga kale nkhongole ya feteleza, ndipo kucokera tsiku limenelo zinthu zimene zidzagamule ngati nkhokwe idzadzala sizikhalanso m'manja mwathu: kagwedwe ka mvula, mbozi, mtengo wa thumba pa msika, tsiku limene malipiro a cimanga adzafike. Palibe mlimi amene sanayang'anepo mitambo mtima uli m'mwamba.

Nyengo ya 2023/2024 inaonetsa poyera kulemera kwa katundu ameneyu. Pa 29 Febuluwale 2024 Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti cilala cimene cinadza ndi El Niño ndi tsoka la dziko lonse. Maboma 84 mwa maboma 116 anakhudzidwa, ndipo mwa mahekitala pafupifupi 2.2 miliyoni a cimanga amene anabzalidwa, pafupifupi 1 miliyoni anapserera. Mvula inabweranso nyengo yotsatira ndipo minda inabiriwira, koma si mitima yonse imene inabwerera m'malo. Pakati pathu, ndi pakati pa anzathu amene anatsiriza maphunziro nabwerera ku midzi yao, alipo amene dzuwa likangowomba masiku atatu otsatizana mu Januwale tulo timawathawa, nsima imawakanika kukhosi, ndipo amalusira ana popanda cifukwa. Kumudzi timangoti “ali ndi maganizo”, kapena “BP yakwera”. Kawirikawiri dzina lake leni-leni ndi matenda a nkhawa, ndipo ndi matenda ocizika.

Nkhawa yothandiza ndi nkhawa yodwalitsa

Tiyambe ndi kuiikira kumbuyo nkhawa, pakuti si yonse imene ili yoipa. Nkhawa ndi imene imadzutsa mlimi mbandakuca kukayendera munda wake atamva kuti nchembere zandonda zalowa mwa mnansi. Ndi imenenso imamuletsa kugulitsa matumba onse atangokolola, mtengo uli pansi. Nkhawa yotere ili ndi cifukwa cooneka, imatuma munthu kucitapo kanthu, ndipo kanthuko kakacitika imatha.

Imasanduka matenda ikakula kuposa cimene caiutsa, ikakana kutha ngakhale vuto litapita, ndiponso ikayamba kulanda munthu nchito, tulo ndi mtendere wa panyumba. Madokotala ali ndi muyeso wao pa mtundu umodzi wofala: munthu wakhala akuda nkhawa masiku ambiri kwa miyezi 6 kapena kuposerapo, pa zinthu zosiyana-siyana, nalephera kuimitsa maganizo ake ngakhale akufunitsitsa kutero. Muyeso umenewu ndi wothandiza iwo popereka dzina la matenda. Sutanthauza kuti munthu azunzike miyezi 6 asanafune thandizo.

Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO linawerengera kuti mu 2019 anthu 301 miliyoni anali ndi matenda a nkhawa, ndipo mwa iwo 58 miliyoni anali ana ndi acinyamata. Amenewa ndi anthu pafupifupi 4 mwa anthu 100 alionse. Ciwerengero ca akazi cimaposa ca amuna, ngakhale ife tikuganiza kuti amuna ambiri amakabisa yao ku mowa. Mwa anthu anai odwala, ndi mmodzi cabe amene amalandira cithandizo.

Mlonda wa m'thupi

M'kati mwa ubongo muli kaciwalo kakang'ono kochedwa amygdala, kamene nchito yake ndi ya ulonda. Kakaona coopsa, kaya ndi njoka m'mzere wa cimanga kapena ng'ombe yolusa, sikadikira kuti munthu ayambe waganiza. Kamatumiza uthenga, ndipo tiziwalo tokhala pamwamba pa impso timathira m'magazi madzi ochedwa adrenaline, kenaka cortisol. Mtima umagunda msanga kuti magazi afike ku miyendo ndi ku manja, kupuma kumafulumira, minofu imalimba, thukuta limatuluka, ndipo mimba imaleka kugaya cakudya, popeza pothawa njoka kugaya nsima kungathe kudikira. N'cifukwa cake m'kamwa mumauma ndipo m'mimba mumabwadamuka.

Vuto ndi lakuti mlonda ameneyu sasiyanitsa njoka ya m'munda ndi njoka ya m'maganizo. Kukumbukira nkhongole pakati pa usiku kumautsa thupi mofanana ndi kuponda mphiri. Koma mphiri munthu amaithawa ndi miyendo nakapumira patsogolo, pamene nkhongole ilibe kothawira. Motero thupi limakhala lokonzekera liwiro limene silicitika, usiku ndi usiku, mpaka khosi ndi mapewa kuwawa, mutu kulemera, munthu kudzuka ali wotopa ngati walima tsiku lonse. Tonse timamudziwa galu amene amauwa mbala, nauwanso tsamba, nauwanso mwezi. Galu wotere sitimuthamangitsa, pakuti pakhomo pamafunika mlonda. Timamuphunzitsa.

Kwa ena nkhawa siidza pang'onopang'ono. Imagwa ngati mphezi: mtima kuthamanga, cifuwa kumangika, kubanika, cizungulire, dzanzi m'zala ndi m'milomo, pamodzi ndi kutsimikiza kuti imfa yafika. Zimenezi zimafika pacimake m'mphindi zocepa, kawirikawiri zosaposa 10, kenaka zimatsika zokha. Dzanzi ndi cizungulire zimadza kaamba ka kupuma mofulumira, kumene kumatulutsa m'magazi mpweya wa carbon dioxide woposa muyeso. Munthu akamva dzanzilo amaopa koposa, napumanso mofulumira, ndipo mantha amadzidyetsa okha. Kugwidwa kotere n'koopsa kwa amene akukumva, koma pakokha sikupha munthu. Aliponso ena amene nkhawa yao imalunjika cinthu cimodzi, monga kulankhula pa gulu kapena kukwera galimoto.

Pano pali cenjezo limene liyenera kutikhudza ife alimi kuposa anthu ena. Zizindikiro zomwezi zingadzenso ndi matenda a thupi: kucepa kwa magazi, matenda a mtima, shuga kutsika, kapena cithokomiro cogwira nchito mopitirira. Mankhwala ena ophera tizilombo amene timapopera thonje ndi ndiwo zamasamba, akalowa m'thupi kupyolera pakhungu kapena popuma, amabweretsa thukuta, kunjenjemera, mutu ndi kusakhazikika. Wothyola fodya wonyowa ndi mame popanda codzicinjiriza amalowetsa nikotini kudzera pakhungu, nayamba nseru, cizungulire ndi kugunda kwa mtima. Munthu wozolowera kacasu akasiya mwadzidzidzi nayenso amanjenjemera nasowa tulo. Coyamba tsono ndi kupita ku kiliniki kukapimidwa, makamaka ngati pacifuwa pawawa kwa nthawi yoyamba, ndi kuwauza anesi kapena adokotala mankhwala amene mwakhala mukupopera ndi amene mukumwa.

Kodi phungu amacita ciani?

Ambiri akamva za uphungu amaganiza za nkhoswe kapena namkungwi: munthu wamkulu amene amakukhazika pansi nakuuza kuti, “Lekani kuganiza kwambiri.” Kumuuza zimenezo munthu wa nkhawa kuli ngati kuuza wa malungo kuti aleke kutentha thupi. Phungu wophunzitsidwa sapereka malamulo. Amaphunzitsa luso, ndipo wodwalayo amakaligwiritsa nchito kunyumba pakati pa masiku okumana, monga mmene inu mumacitira ndi zimene mwaona m'munda wa citsanzo.

Njira imene yafufuzidwa kwambiri inakhazikitsidwa m'zaka za m'ma 1960 ndi dokotala wa ku America, Aaron Beck, wa pa University of Pennsylvania, ndipo imadziwika ndi zilembo zakuti CBT. Maziko ake ndi akuti maganizo, thupi ndi zocita za munthu zimakokana, kotero kuti ukasintha cimodzi zinazo zimatsatira, ndiponso kuti cimene cimatizunza si cocitika cokha koma tanthauzo limene tacipatsa.

Titenge citsanzo. Mvula yadula masiku 5 cimanga cili m'mawondo. Ganizo limene limafika loyamba ndi lakuti, “Zatha, ici ndi cilala cina, ng'ombe zipita ndi nkhongole, ana agona ndi njala.” Ganizo lotere limadza mofulumira kwambiri moti munthu samaliona ngati ganizo, amaliona ngati coonadi. Phungu amamupempha kuti alilembe m'kabuku: tsiku, cimene cacitika, cimene waganiza, ndi kukula kwa mantha pa muyeso wa 1 mpaka 10. Inu amene munazolowera kulemba mabuku a pa famu simudzaona cacilendo pamenepa. Akakumana, awiriwo amaliika ganizo lija pa sikelo. M'zaka 10 zapitazi, ndi kangati mvula inadula masiku 5 mu Januwale, nanga ndi kangati munda unapserera? Munda wophimbidwa ndi mapesi umasunga cinyontho mpaka liti? Zitati zaipadi, m'dimba muli ciani, m'khola muli mbuzi zingati, ndipo ndani amene angathandize? Colinga si kudzinamiza kuti zonse zidzayenda bwino. Cilala cilipo ndipo cidzabweranso, ndipo phungu amene angauze mlimi wa mu Zambia kuti alibe coopa sakudziwa nchito yake. Colinga ndi cakuti mantha alemere monga mmene vuto likulemerera, osaposa pamenepo.

Gawo limene ife tikuliona lofunika kuposa onse ndi la kupewa. Munthu woopa uthenga wa nkhongole amazimitsa foni. Woopa kulankhula pa gulu amaleka kupita ku msonkhano wa kopaletivu. Amene anagwidwa ndi mantha ali m'basi amayamba kutuma mwana ku tauni. Nthawi yomweyo mtima umakhala pansi, ndipo apa ndi pamene pali msampha, cifukwa ubongo umaphunzira phunziro labodza lakuti, “Ndapulumuka cifukwa ndathawa.” Ulendo wotsatira mantha amadza okulirapo. Pamene munthu akupewa, ciongoladzanja cikukula, tsiku lolembetsa feteleza likudutsa, ndipo dziko lake likucepa mpaka kutsala khonde la nyumba.

Mankhwala a zimenezi mukuwadziwa kale inu amene munaphunzira kuweta ng'ombe zolima. Ng'ombe yatsopano siimangidwa pa pulawo tsiku loyamba. Imayamba yazolowera cingwe, kenaka goli lokha, kenaka kukoka cipika, kenaka ngolo yopanda katundu, ili pambali pa inzake yakale yofatsa. Ndipo wophunzitsa wanzeru samasula goli pamene ng'ombe ikudumpha-dumpha, pakuti akatero imaphunzira kuti kudumpha ndiko kumamasula. Amadikira kuti idekhe. Phungu amacita cimodzimodzi. Iye ndi wodwalayo amapanga makwerero, kuyambira pa cinthu coopsa pang'ono mpaka coopsa kwambiri. Woopa msonkhano amayamba ndi kukakhala kumbuyo osalankhula, sabata yotsatira apereke moni kwa anthu awiri, kenaka afunse funso limodzi, mpaka tsiku limene adzaime kuwerenga lipoti. Pa khwerero lililonse amakhalabe pamalopo mtima ukugunda, kufikira ataona yekha kuti mantha amatsika ndiponso kuti cimene amaopa sicinacitike, kapena cacitika koma wacipirira. Nchito imeneyi siikoma poyamba, ndipo ena amaisiyira panjira. Thandizo lonse kawirikawiri limatenga kukumana kamodzi pa sabata kwa miyezi itatu kapena inai.

Palinso zida zing'onozing'ono. Cimodzi ndi kupuma modekha: kukoka mpweya m'mphuno mukuwerenga mpaka 4, mimba ifufume, ndi kuutulutsa pang'onopang'ono mukuwerenga mpaka 6, kwa mphindi zingapo. Ciphunzireni mtima uli m'malo, kuti cikhale cizolowezi mantha asanafike. Cina ndi kuipatsa nkhawa nthawi yake, mphindi 15 madzulo alionse dzuwa lisanalowe, kulemba zonse zimene zikuvuta, ndipo ikadzabwera usiku kuiuza kuti idikire mawa. Zimaoneka ngati masewera, koma zimathandiza ambiri.

Phunziro la ku Harare

Wina anganene kuti, “Zonsezi n'za ku America. Yanga si nkhani ya maganizo olakwika, nkhongole yanga ndi yeni-yeni, ndipo kwathu kulibe dokotala wa zimenezi.” Mau amenewa ali ndi nzeru, ndipo yankho lake linacokera kwa anansi athu tsidya la Zambezi.

Ca m'ma 2006 dokotala wa matenda a maganizo wa ku Zimbabwe, Dixon Chibanda, poona kuti madokotala onga iye ndi owerengeka m'dziko lonse, anayamba kuphunzitsa agogo aakazi a ku Mbare mu Harare kuti azikhala pa mabenchi a matabwa pabwalo la kiliniki ndi kumvetsera anthu. Nchitoyi inachedwa Friendship Bench. Agogowo sanagwiritse mau a cipatala. Anagwiritsa liu la Cishona lakuti kufungisisa, kutanthauza kuganizitsitsa, amene ndi “maganizo” athu omwe aja. Munthu amakumana ndi gogo mpaka maulendo 6. Coyamba amatula zonse zimene zamulemera. Kenaka amasankha vuto limodzi lokha, osati limene gogo wasankha koma limene mwini wake akuona kuti angayambe nalo. Awiriwo amachula njira zonse zimene zingatheke, mwini wake amasankha imodzi, napangana cimene adzacite, liti, ndiponso ndi yani. Sabata yotsatira amabwera kudzanena mmene zayendera. Pambuyo pake amalowa m'gulu la anzake amene anadutsa njira yomweyo.

Njirayi inayesedwa pa anthu 573 m'makiliniki 24 a mu Harare, ndipo zotsatira zake zinasindikizidwa mu 2016 m'magazini ya madokotala ya JAMA. Patapita miyezi 6, mwa amene anakhala pa benchi ndi 12 cabe pa 100 alionse amene anali akali ndi zizindikiro za nkhawa, pamene mwa amene analandira cithandizo ca masiku onse anali 48 pa 100. Pa matenda a kukhumudwa kwakukulu anali 14 kuyerekeza ndi 50.

Cimene cimatikopa m'nkhani imeneyi ndi kusankha vuto limodzi. Mlimi wa nkhawa amagona ndi mtolo wonse pamutu: nkhongole ya feteleza, zofunika za ana ku sukulu, denga lodontha, ng'ombe yodwala, mlandu wa malire a munda. Zonsezi zikamangidwa pamodzi palibe poyambira, ndipo munthu amangokhala duu. Zikamasulidwa, zimapezeka kuti ng'ombe ikufuna mlangizi wa ziweto mawa lomwe, nkhongole ikufuna kukakambirana za kubweza pang'onopang'ono, ndipo denga lingathe kudikira mpaka Julai. Kuno kwathu bungwe la StrongMinds lakhala likugwira nchito kucokera mu 2019 ndi magulu okambirana a anthu okhumudwa, otsogoleredwa ndi anthu wamba ophunzitsidwa. Koma pano tisamale: agogo a ku Harare anali ophunzitsidwa ndiponso oyang'aniridwa, ndipo anali kudziwa nthawi yotumizira munthu kwa nesi. Mtima wabwino wokha sukwanira, ndipo munthu wosasunga cinsinsi amavulaza kuposa kuthandiza.

Mankhwala, manyazi ndi kopita

Nkhawa ikakula kwambiri adokotala angapereke mankhwala pamodzi ndi uphungu. Mankhwala monga fluoxetine sagwira tsiku lomwelo. Amatenga masabata awiri mpaka 6, ndipo sayenera kusiyidwa mwadzidzidzi munthu akangomva bwino. Mapiritsi ogonetsa monga diazepam amakhazika mtima pansi msanga, koma thupi limawazolowera, n'cifukwa cake amaperekedwa kwa masiku ocepa cabe. Musawagule pa msika kapena kubwereka a mnzanu. Mowa umanyenga mofananamo: umaziziritsa mtima madzulo, nudula tulo pakati pa usiku, ndipo m'mawa nkhawa imadzuka yokulirapo. Khofi ndi zakumwa zopatsa mphamvu za m'mabotolo nazonso zimathamangitsa mtima.

Cimene cimatsekereza ambiri ndi manyazi. M'dziko lathu dzina la Chainama lakhala ngati liu lina lotanthauza misala, ndipo munthu amaopa kuti akangochula za maganizo ku kiliniki mudzi wonse umva kuti wazungulira mutu. Cipatala ca Chainama Hills mu Lusaka, cimene cinatsegulidwa mu 1962, cimathandiza matenda a maganizo a mitundu yonse, koma anthu ambiri a nkhawa safunika kugonekedwa kulikonse. Amacira ali kwao, akulima. Mu 2019 Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa lamulo latsopano la umoyo wa maganizo m'malo mwa la nthawi ya atsamunda, limene linali kuchula odwala ndi maina onyoza. Lamulo linasintha, koma malilime athu akutsalira.

Ena amauzidwa kuti alodzedwa, nagulitsa mbuzi kuti akaombeze, n'kubwerako ali ndi mdani watsopano m'banja ndi nkhawa yowirikiza. Ena amauzidwa kuti cikhulupiriro cao n'cocepa, ndipo pa katundu wa mantha pamaonjezeka katundu wa kudziimba mlandu. Ife sitiona mkangano pakati pa pemphero ndi uphungu. Palibe pakati pathu amene amaleka kupita ndi ng'ombe ku dibi cifukwa cakuti wazipempherera. Abusa ndi akulu a mpingo nthawi zambiri ndiwo oyamba kumva mavuto otere, ndipo amathandiza kwambiri akamvetsera mpaka munthu atatsiriza, kenaka n'kumuperekeza ku kiliniki.

Inu a m'banja, musamuseke kapena kumukalipira, komanso musamucitire zonse zimene akupewa, cifukwa kumeneko ndi kumasula goli ng'ombe ikudumpha. Pitani naye ku msonkhano, khalani naye pamene akuyatsa foni ija.

Poyambira ndi kiliniki ya kufupi ndi kwanu. M'makiliniki ambiri muli aphungu amene anaphunzitsidwa kudzera m'nchito ya HIV, ndipo nesi angathe kukutumizani ku cipatala cacikulu ngati pafunika kutero. Bungwe la Lifeline/Childline Zambia limayankha mafoni kwaulere usana ndi usiku, pa nambala 933 kwa akulu ndi 116 kwa ana.

Nkhawa imayenda kawirikawiri ndi kukhumudwa kwakukulu, ndipo pa famu pali ngozi imene kwina kulibe. WHO imati pafupifupi munthu mmodzi mwa asanu alionse amene amadzipha pa dziko lonse amamwa mankhwala ophera tizilombo, ndipo nthawi zambiri ganizo lotere limadza mwadzidzidzi n'kudutsa ngati botolo silili pafupi. Munthu akayamba kunena kuti watopa ndi moyo, kapena kuti banja lingapume iye atacoka, mufunseni mosabisa ngati akuganiza zodzipha. Kufunsa sikumupatsa ganizolo. Musamusiye yekha, pitani naye ku cipatala tsiku lomwelo, ndipo mankhwala onse a m'munda ndi a ku dibi atsekeredwe m'bokosi la loko kunja kwa nyumba yogona, kiyi asunge munthu wina.